Marozi okwera, oyanga kapena achitsamba: ndidzale ati pakhomo panga ku Zomba?

Mayi Nachanza, Zomba

Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mwasamala marozi kwa zaka zambiri, chifukwa ine ndinazolowera kulima ndiwo zamasamba ndi zipatso, koma pa nkhani ya maluwa ndikadali wophunzira. Nyumba yathu ili kuno ku Zomba, m'munsi mwa phiri, ndipo malo amene ndikufuna kudzalapo ndi atatu. Oyamba ndi mpanda wa njerwa wa mamita 12 m'litali ndi mamita awiri kupita m'mwamba, umene mbali yake ya m'kati inayang'ana kumpoto. Achiwiri ndi khonde la mizati inayi, pamene zidzukulu zanga zimasewera masana onse zikaweruka kusukulu. Achitatu ndi mtengo wa mango wakale umene uli kumapeto kwa bwalo. Mtengowo unasiya kubereka bwino, koma bambo a kunyumba amakana kuti tiudule poti anaudzala ndi malemu bambo awo.

Mwana wanga amene amakhala ku England wanditumizira zithunzi za rozi wotchedwa Rambling Rector, atakwera mtengo wonse mpaka kunsonga, maluwa ali mbee, masamba a mtengowo osaoneka n'komwe. Iye akuti ndidzale yemweyo pansi pa mango, ndipo wina ndimuyendetse pa mpanda. Ine mtima wanga ukukayika, chifukwa ndikapita kwa ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu, rozi aliyense wa nthambi zazitali amangoti ndi wokwera, ndipo ndikafunsa dzina lake amanditchulira mtundu wa duwa, kuti ndi wofiira kapena woyera, basi. Ndiye ndikufuna mundithandize pa zinthu ziwiri. Kodi marozi okwera amasiyana bwanji ndi oyanga, amene azungu amawatcha rambler? Nanga pa malo atatu ndatchulawa, ndi ati amene angachite bwino ndi mvula yathu ya ku Zomba kuno?

Bambo Kamwendo, Dedza

Mayi Nachanza, mwachita bwino kufunsa musanakumbe dzenje, chifukwa rozi wolakwika malo savuta kudzala, amavuta kuzula. Ndiyambe ndi kusiyana kwake, popeza ogulitsa ambiri sakudziwa kapena safuna kukuuzani.

Rozi wokwera amakhala ndi nthambi zikuluzikulu zochepa, zolimba ndi zouma gwa, zimene zimakhala zaka zambiri ngati mafupa a mbewuyo. Pa nthambi zimenezo pamatuluka tinthambi tating'ono, ndipo maluwa amabwera pa tinthambito. Maluwa ake kawirikawiri amakhala aakulu, ndipo mitundu yambiri imabwereza kumasula kangapo pa chaka. Rozi woyanga ndi wina. Chaka chilichonse amatulutsa mphukira zazitali zofewa kuchokera pansi, zimene zimatha kutalika mamita angapo m'nyengo imodzi, monga limachitira dzungu likapeza manyowa. Maluwa ake amakhala ang'onoang'ono, ambirimbiri pa phava limodzi, ndipo mitundu yambiri imamasula kamodzi kokha pa chaka, kwa masabata ochepa, pa nthambi zimene zinamera chaka chathacho. Chithunzi chimene mwana wanu watumiza anachijambula m'masabata ochepa amenewo. Miyezi ina yonse mtengowo umangokhala ndi masamba ndi minga.

Rozi wachitsamba ndiye amene amadziimira yekha, osafuna waya kapena khoma, ndipo amakula mita imodzi kapena iwiri, kutambalala pafupifupi chimodzimodzi. Ndionjezere kuti palibe rozi amene amakwera yekha monga zimachitira nyemba zoyanga pa chimanga. Alibe tizingwe togwirira, ndiponso sazungulira mtengo. Oyanga amakolekera minga yawo pa nthambi za mitengo, koma pa khoma la njerwa onse, okwera ndi oyanga omwe, amafuna munthu wowamangirira.

Pali china chimene chimakhudza ife a kuno makamaka. Marozi ambiri omasula kamodzi pa chaka anazolowera maiko a chisanu choopsa, kumene mbewu imagona miyezi ingapo, kenako n'kudzuka ndi maluwa. Kuno ku Dedza tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira ndithu, koma ngakhale choncho Albertine amene ndinadzala, rozi woyanga wa ku France wa chaka cha 1921, amandipatsa maluwa ochepa poyerekeza ndi kukula kwake. Tawuni ya Zomba ili m'munsi kuposa kuno, choncho sindikuyembekeza kuti kwanuko zingaposepo. Mukanakhala pamwamba pa phiri paja ndikanalankhula zina.

Mayi Tembo, Leeds

Ndithirirepo ndemanga monga munthu amene ndimawaona marozi amenewa chaka chilichonse kuno ku England. Zimene anena a Kamwendo n'zoona. Rambling Rector amamasula cha mu Juni mpaka kumayambiriro kwa Julayi, nyengo imene kuno masiku amakhala aatali kwambiri moti dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku, ndipo fungo lake limamveka munthu akadali kumsewu. Ikafika Ogasiti zonse zimakhala zitatha, kumangotsala tizipatso tating'ono tofiira timene mbalame zimadya.

Chimene zithunzi sizionetsa ndi kulemera kwake. Amene tinayandikana nawo nyumba anadzala rozi yemweyu pa mtengo wa apulo, ndipo patatha zaka zisanu ndi chimodzi nthambi ina yaikulu ya apuloyo inathyoka usiku wa mphepo, chifukwa roziyo anali ataunjikana pamwamba ngati chisa. Ntchito yochotsa inawatengera masiku atatu, atavala magolovesi achikopa ofika m'zigongono. Pali wina woposa pamenepa, wotchedwa Kiftsgate, dzina lake lochokera ku munda wa Kiftsgate Court ku Gloucestershire, kumene rozi mmodzi anakwera mitengo ikuluikulu ingapo ndipo anthu amapita kukamuona. Pa bwalo la nyumba wamba rozi wotere ndi mlandu.

Komabe ndisawaipitse onse. Alipo oyanga ena amene amabwereza kumasula ndipo sakula mopitirira, monga Phyllis Bide wa 1923 ndi Malvern Hills amene anatulutsa David Austin, katswiri wa marozi wa kuno ku England, m'chaka cha 2000. Vuto ndi lakuti kumudziko simungawapeze mosavuta. Ndikuchenjezeninso, achemwali, pa zowerenga za kuno. Akalemba kuti khoma loyang'ana kumpoto ndi la mthunzi, akunena za kuno kumene dzuwa limadutsa chakummwera chaka chonse. Kwathu ku Malawi nkhaniyo inatembenuka, ndipo mpanda wanu woyang'ana kumpoto ndiwo umene umalandira dzuwa miyezi yambiri ya chaka.

Bambo Chirwa, Nchalo

Ine ndilibe nzeru zambiri zoti ndipereke, koma ndikufuna kuchitira umboni nkhani ya chisanuyo. Ndili pa ntchito ku Mzuzu ndinali ndi rozi woyanga wa maluwa ang'onoang'ono apinki, amene anthu odziwa anandiuza kuti ndi Dorothy Perkins. Kumeneko ankamasula bwino chaka ndi chaka, ngakhale kuti masamba ake ankagwidwa ndi nthenda ija yooneka ngati wina wawazapo ufa. Nditasamukira kuno ku chigwa cha Shire ndinatenga nthambi zodula, ndipo zinagwira zonse. Zaka zinayi ndinathirira, mphukira zinakwera denga la khitchini, koma duwa ngakhale limodzi sindinalione. Ndinamuzula n'kudzala bougainvillea. Zomba si Nchalo, ndikudziwa, koma mbewu kukula bwino sikutanthauza kuti imasula.

Bambo Mbewe, Pretoria

Mayi, ine ndimagwira ntchito ya m'minda ya maluwa kuno ku South Africa, chaka chino ndi cha khumi ndi chitatu, ndipo marozi ndiwo amandidyetsa. Ndilankhule za mpanda wanuwo, chifukwa pa malo atatu aja ndi umene uli ndi mwayi waukulu.

Ndikanakhala inu ndikanadzala Climbing Iceberg atatu, motalikirana mamita anayi, woyamba ndi womaliza mamita awiri kuchokera kumapeto kwa mpanda. Iceberg weniweni ndi wachitsamba, anamupanga ndi Reimer Kordes ku Germany m'chaka cha 1958, ndipo wokwerayo anapezeka ku England mu 1968 pamene nthambi ya Iceberg wamba inasintha yokha n'kuyamba kutalika. Kuno palibe rozi wofala kuposa Iceberg. Ali pa mipanda ya nyumba, pa matchalitchi, m'malo oimika magalimoto, ndipo ena amamunyoza chifukwa cha kufalako, koma anafala chifukwa amapirira dzuwa, amapirira kuiwalidwa, ndipo amamasula kuyambira Okutobala mpaka chisanu chitalowa. Minga yake ndi yochepa. Fungo lake ndi lochepanso, ndinene zoona, ndipo masamba amachita mawanga akuda mvula ikachuluka, koma amaphukiranso msanga.

Ngati zoyera zokhazokha zingakutopetseni, pakati ikanipo Crépuscule, rozi wakale wa ku France wa 1904 amene maluwa ake ali ndi mtundu wa papaya wakupsa. Ameneyu ndi wa gulu la Noisette, limene lili ndi magazi a marozi a ku China ndipo silidalira chisanu kuti limasule. Madame Alfred Carrière wa 1879 ndi wa gulu lomwelo, wonunkhira kwambiri, koma amakula kuposa mpanda wa mamita awiri.

Tsono chinsinsi cha rozi wokwera sichili pa dzina lokha, chili pa kamangidwe. Anthu ambiri amasiya nthambi kuti ziloze kumwamba, kenako amadandaula kuti maluwa ali pamwamba pa mpanda pokha, akusangalatsa anthu odutsa mumsewu, pamene pansi pali mitengo youma. Chimachitika n'chakuti nthambi ikaima chilili, mphamvu yonse imapita ku diso la kunsonga, ndipo maso ena onse amagona. Mukaigoneka chopingasa, diso lililonse la m'mbali mwake limadzuka n'kutulutsa kanthambi ka maluwa. Choncho musanadzale khomerani waya pa mpandawo, mizere inayi kapena isanu yopingasa, yotalikirana masentimita 40, ndipo wayayo atalikire khoma masentimita asanu kuti mpweya uzidutsa kuseri. Mphukira zikadali zanthete muzizipinda pang'onopang'ono, ina kumanja ina kumanzere, n'kumazimanga ndi luzi kapena nsanza, osati waya, ndipo mfundo isathine. Mukadikira kuti zikhwime zimathyoka. Ine ndinathyola zambiri m'chaka changa choyamba, mwini munda akungondiyang'ana pawindo.

Dzenje likhale masentimita 45 kuchokera pa khoma, chifukwa m'tsinde mwa mpanda nthaka imakhala youma ndipo amisiri amasiyamo zidutswa za njerwa ndi simenti. Musayembekeze zambiri chaka choyamba ndi chachiwiri. Wokwera amayamba wamanga nthambi zake, maluwa enieni amabwera chaka chachitatu.

Mayi Nachanza, Zomba

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri m'tsiku limodzi. A Mbewe, nkhani ya kugoneka nthambiyo yandifotokozera chifukwa chake rozi wa kutchalitchi kwathu amangomasula pamwamba pa zenera. Za mpanda ndamva. Tsopano pa khonde paja nkhawa yanga ndi minga, chifukwa mdzukulu wanga wamng'ono ali ndi zaka zitatu ndipo amagwira chilichonse. Mwana wanga uja wandiyankha kuti pali rozi wopanda minga wotchedwa Zéphirine Drouhin, wapinki ndiponso wonunkhira. Kodi ameneyu angachite pa mizati?

Bambo Kamwendo, Dedza

Mayi, Zéphirine Drouhin alibedi minga ndipo amanunkhira kwabasi. Ndi wakale, wa 1868. Koma ndi mmodzi mwa marozi amene amadziwika kuti sachedwa kudwala, makamaka mawanga akuda ndi nthenda ya ufa ija anatchula a Chirwa. Mawanga akudawo amabwera ndi kafangasi kamene mbewu zake zimafuna tsamba likhale lonyowa kwa maola pafupifupi asanu ndi awiri kuti zimere. Taganizirani Januwale ndi Febuluwale wa ku Zomba, pamene mvula imatha kugwa mamawa, kukata pang'ono, n'kuyambiranso madzulo, ndiponso nkhungu ya chiperoni ikatsika m'nyengo yozizira. Masamba sauma. Pa khonde pamaonjezeranso madzi otsika padenga, amene amamenya nthaka n'kuthovukira m'masamba a m'munsi pamodzi ndi matendawo. Mudzakhala mukupopera mankhwala sabata ndi sabata pamalo pamene ana amadyera chimanga chawo, ndipo ine zimenezo sindingakulangizeni.

Wopanda minga amene ndimamukhulupirira ndi Banksia wachikasu, amene dzina lake lonse ndi Rosa banksiae Lutea. Kwawo ndi ku China, anafika ku England mu 1824, ndipo amakonda maiko ofunda kuposa ozizira. Sadwaladwala, masamba ake sayoyoka, ndipo chisanu chikangotha amadzaza timaluwa tachikasu chotuwirako. Koma ndi woyanga, amamasula kamodzi, ndipo ndi chilombo pa kakulidwe. M'bale wake woyera amene anadzalidwa mu 1885 ku Tombstone, m'chigawo cha Arizona ku America, alipobe mpaka lero ndipo amatchuka kuti ndi rozi wamkulu kuposa onse pa dziko lapansi, moti anthu amakhala pansi pake ngati pansi pa chisakasa. Pa mzati wa khonde angakulowereni m'malata. Malo ake ndi chisakasa cholimba cha mapaipi achitsulo, kapena mpanda wa waya kumene ali ndi danga.

Pa khonde, maganizo anga ndi akuti mizati muisiye. Dzalani achitsamba patsogolo pake, kupitirira pamene pamagwera madzi a padenga.

Mayi Nangondo, Lilongwe

Ndikugwirizana ndi a Kamwendo pa za achitsamba, ndipo ndikudabwa kuti tafika pano tisanawalankhule mokwanira, pamene ndiwo amene savutitsa. Wanga wapamtima ndi Mutabilis, rozi wa ku China wa maluwa a timasamba tisanu tokha. Duwa limamasula lachikasu chofiirira, mawa lake limasanduka lapinki, lisanayoyoke limakhala lofiira kwambiri, moti chitsamba chimodzi chimakhala ndi mitundu itatu nthawi imodzi, ndipo alendo amandifunsa ngati ndinamezanitsa. Kuno ku Lilongwe amamasula pafupifupi chaka chonse ndikamathirira. Minga ali nayo koma si yambiri. Amafuna malo, chifukwa wanga wadutsa mutu wanga. Knock Out, amene anatulutsidwa ku America m'chaka cha 2000, ndi wamfupi ndipo mawanga akuda samugwira kawirikawiri, ngakhale kuti sanunkhira. Iceberg wachitsamba nayenso angachite pa khondepo, n'kugwirizana ndi a pa mpanda.

Koma ndikufuna ndikusimbireni zimene zinandichitikira pogula, kuti inu zisakuoneni. Zaka zitatu zapitazo ndinagula mbande ziwiri za m'machubu kwa wogulitsa wina wa m'mbali mwa msewu, amene anandilumbirira kuti ndi okwera ofiira a maluwa aakulu. Zinalibe duwa, zinali ndi mphukira zazitali zobiriwira bwino. Ndinakumba maenje, ndinathira manyowa a ng'ombe owolerana, ndinakhoma waya. Zinakula mochititsa kaso, koma chaka chachiwiri zinangotulutsa timaluwa tochepa tating'ono totuwa, kenako zii. Mayi wina wodziwa atabwera anafukula pang'ono patsinde n'kundionetsa chipsera. Mbandezo zinali zomezanitsa, rozi wabwino wa pamwamba anali atafa kalekale, ndipo chimene ndinkasamala chinali chitsa cha pansi chimene amamezerapo. Zitsa zimenezo amazisankha chifukwa cha mphamvu ya mizu, osati maluwa, ndipo zikasiyidwa zimatalika ngati rozi wokwera. Sindikudziwa ngati wogulitsayo ananama dala, mwina nayenso anapusitsidwa ndi kutalikako. Kuyambira pamenepo sindigula rozi amene sindinaone duwa lake pa mbande yomweyo, kapena pa mayi wake amene anadulapo nthambi.

Muchenjerenso ndi chiswe pophimbira nthaka. Udzu wouma umasunga chinyezi m'chilimwe, koma usakhudze tsinde, musiye danga la chikhatho chimodzi kuzungulira. Ine ndinataya Iceberg mmodzi mu Okutobala chifukwa ndinaunjika udzu mpaka patsinde, ndipo pamene ndimazindikira khungwa linali litadyedwa kuzungulira.

Mayi Zulu, Chipata

Pepani akuluakulu, ine ndibwerere ku mtengo wa mango, chifukwa tonse tauzemba. Ngakhale atapezeka rozi woyanga amene amamasula bwino ku Zomba, mango si mtengo womukwezapo. Mitengo imene azungu amakwezapo marozi, monga apulo, imayoyola masamba m'chisanu ndipo nthambi zake ndi zotakasuka, dzuwa limalowa mpaka pansi. Mango ali ndi masamba chaka chonse, mthunzi wake ndi wandiweyani, ndipo tonse tikudziwa kuti pansi pake ngakhale kapinga amakana. Rozi amafuna dzuwa la maola osachepera asanu ndi limodzi pa tsiku. Mbande ingafooke isanafike n'komwe pamwamba pomwe pali kuwala, komanso mizu ya mango ingamwe madzi onse amene mukuthira.

Palinso nkhani ya ana. Mango akapsa mu Disembala, ngakhale akhale ochepa, zidzukulu zidzakwera basi, ndipo Rambling Rector ali ndi minga yokhota ngati mbedza. Ndikanakhala ine ndikanaika benchi pansi pa mtengowo kuti bambo a kunyumba azikhalapo, marozi n'kuwapatsa malo a dzuwa.

Pa mpanda ndili ndi dzina lina loti muganizire, New Dawn. Ndi wa 1930, wapinki wotuwa, ndipo ndi mbewu yoyamba imene inalandira chiphaso cha umwini ku America. Ndinamuona akuchita bwino pa nyumba ina ku Lusaka. Koma minga yake ndi yoopsa, choncho akhale kutali ndi posewerera.

Bambo Mbewe, Pretoria

Mayi Zulu anena zoona za mango, ndilibe chotsutsa. Za New Dawn ndisiyane nawo pang'ono. Ndi wolimba ndithu, koma kuno ndaona kuti amamasula kwambiri ulendo woyamba, kenako amachita ulesi, ndipo kumangirira nthambi zake ndi nkhondo. Pa mpanda wa mamita awiri umene mayi azisamala okha, Climbing Iceberg ndi wofatsa.

Nditchuleko marozi a David Austin, poti mwana wanu ali ku England ndipo posachedwa akutumizirani zithunzi zake. Ndi okongola ndiponso onunkhira, ndipo m'mabuku a kumeneko ambiri amalembedwa kuti ndi achitsamba. Koma akabwera kotentha amasintha khalidwe. Graham Thomas, wachikasu uja wa 1983, ku England ndi chitsamba chofika pachifuwa, koma m'munda umene ndimagwiramo amaponya nthambi za mamita atatu, moti tinangomumangirira pa khoma ngati wokwera. Choncho msinkhu wolembedwa pa kapepala ka ku Ulaya musaukhulupirire kwenikweni. Kuno anthu amadalira kwambiri zimene amalemba a Ludwig's Roses, nazale yaikulu ya kumpoto kwa Pretoria imene Ludwig Taschner anayambitsa mu 1971, chifukwa amayesa marozi pa dzuwa lathu lomweli ndi mvula ya m'dzinja ngati yathu.

Za kudulira, kuno timadulira kumapeto kwa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo maluwa oyamba amabwera mu Okutobala. Wachitsamba mumamufupikitsa ndi kuchotsa nthambi zouma ndi zopingasana. Wokwera simudula nthambi zake zikuluzikulu, mumangofupikitsa tinthambi ta m'mbali kusiya maso awiri kapena atatu. Woyanga, monga Banksia, musamukhudze mu Julayi, chifukwa mukatero mwadula maluwa a chaka chimenecho. Ameneyo amadulira akangomaliza kumasula.

Chomaliza, mwana wanu asayese kubwera ndi nthambi m'chikwama. Kulowetsa mbewu m'dziko kumafuna chilolezo cha a zaulimi ndi kalata yotsimikiza kuti ilibe matenda. Mungafunse ku malo a kafukufuku a Bvumbwe kapena Chitedze.

Mayi Nachanza, Zomba

Ndawerenga zonse kawiri, ndipo usiku ndinawawerengeranso bambo a kunyumba, amene asangalala kwambiri ndi a Zulu chifukwa mango awo apulumuka ndipo apezanso benchi. Ndatsimikiza motere. Pa mpanda ndidzala Climbing Iceberg awiri kumapeto, ndipo pakati ndiika Crépuscule ngati ndingamupeze, apo ayi akhala Iceberg wachitatu. Patsogolo pa khonde ndidzala Mutabilis mmodzi pangodya ndi Iceberg achitsamba atatu, kupitirira podonthera madzi a padenga. Banksia ndamusungira mpanda wa waya wa kuseri kwa khola la nkhuku, kumene angayange mmene angafunire. Rambling Rector akhale m'zithunzi za mwana wanga.

Kuno kuli mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu amene ali ndi rozi woyera wokwera pa khoma la nyumba yake, ndipo ndakhala ndikumuona akumasula kangapo pa chaka. Ndikapempha nthambi kumeneko, monga analangizira a Nangondo. Funso langa lotsiriza ndi la nthawi. Kodi ndidikire mvula yoyamba ngati mmene timachitira ndi mitengo ya zipatso, kapena ndiyambe m'chisanu muno?

Bambo Kamwendo, Dedza

Nthambi kapempheni mu Juni kapena Julayi, pamene mayiwo akudulira. Sankhani zokhwima, zonenepa ngati pensulo, zotalika masentimita 20, ndipo zichokere pa nthambi zazitali zokwerazo. Chotsani masamba a m'munsi, zikani magawo awiri mwa atatu m'machubu a mchenga wosakaniza ndi dothi la kudzala, n'kuziika pa mthunzi wowala, ndipo apa mango aja agwira ntchito. Dulani khumi kapena kuposerapo, chifukwa zina sizigwira.

Mbande zogula zokhala ndi mizu kale mungazidzale mu Julayi kapena Ogasiti ngati madzi muli nawo, kheni imodzi ya malita 10 pa mbande iliyonse kawiri pa sabata, ndipo mu Okutobala katatu. Mukatero mvula imadzazipeza zitakhazikika, ndipo zimalimbana bwino ndi mawanga akuda kusiyana ndi mbande yanthete yodzalidwa mu Disembala. Pothirira muzithira pansi, mamawa, osanyowetsa masamba. Zodula zanuzo zidzakhala zitakonzeka kuchoka m'machubu mizu ikayamba kutulukira pansi pa chubu, ndipo zimenezo zikhoza kudikira mvula yoyamba. Waya uja khomeranitu mwezi uno, maenje asanakumbidwe, kuti amisiri asadzapondeponde mbande.